Ndinanamiza Dokotala Poopa Mwana Wanga Wamkazi

Aphungu,

Kalata iyi akulemba ndi mayi a kunyumba, ine ndikungonena. Sukulu sindinapondeko, ndipo sizinandichititsepo manyazi. Ndinakhala kapitawo ku esiteti ya tiyi ku Thyolo zaka makumi awiri ndikulamula anthu ophunzira. Koma izi zandigonjetsa.

Tikukhala ku Glasgow, m'dziko la Asikoti, kwa mwana wathu wamkazi, Fanny. Chaka chatha anandipeza ndi khansa ya pulositeti, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, ana nkunditengera ku chipatala chakutali kumene amaiwotcha ndi cheza chomwe amati mapulotoni. Akuti magazi tsopano akuonetsa bwino. Chomwe chatsala ndi ichi: mkodzo ukabwera sudikira, kuchimbudzi nthawi zina ndimaona magazi, ndipo kuchipinda mphamvu zinathawa.

Achipatala amapereka pepala la mafunso ofuna kudziwa mmene moyo ukuyendera. Lili mu Chingerezi, ndiye wowerenga ndi Fanny. Amafunsa atayang'ana pansi, "Bambo, apa akuti kodi mkodzo umatuluka wokha?" Ine ndimati, "Chonga kuti ayi." Atafika pa mafunso a kuchipinda ndinamudula, "Iwe, unaona kuti mwana akufunsa bambo ake zimenezo?" Anachonga kuti zonse zili bwino. Dokotala ataona pepalalo anandigwira chanza mosangalala, nati ndidzabwerenso patapita miyezi isanu ndi umodzi.

Mwezi watha ndikupereka Mgonero ku tchalitchi kwathu, zinandichitikira nditanyamula mbale. Ndinatuluka nditaphimba kutsogolo ndi jekete. Sindinabwerereko. A Tadeyo, mkulu wa mpingo mnzanga, anaimba foni nati, "Akulu, kodi kuzizira kwa Asikoti kwakugwetsani?" Ndinangoseka. Madzi ndinasiya kumwa, basi yopita ku Shawlands, dera lina la mzinda uno, sindikweranso poopa kunyowa m'njira.

Thewera ine sindivala, ndipo mwana wanga sindimuuza, pamenepo musandinyengerere. Nanga ndichite chiyani?

G.M., Dennistoun, Glasgow

Bambo G.M.,

Sindikunyengererani. Mwambo wanu ndaumva, ndipo Fanny nayenso ayenera kuti amavutika kukufunsani. Koma pepala lija si mayeso oti mukhoze. Ndi maso a dokotala. Mwamuphimba m'maso, ndiye akuthandizani bwanji?

Miyezi isanu ndi umodzi musadikire. Uzani Fanny mawu awa okha: "Ndili ndi za amuna zoti ndikambe ndi adokotala, ndipangire tsiku." Apemphe womasulira Chichewa wamwamuna, iye adikire panja. Ngati mukuopa kukumana ndi wa ku tchalitchi, poti Amalawi kumeneko mumadziwana, pemphani womasulira wa pa foni. Ntchito yawo imawalamula kusunga chinsinsi. Mukalowa nenani kuti mayankho aja sanali oona. Dokotala sakukalipirani, amuna ambiri amabisa chimodzimodzi.

Mavuto atatu onsewo amadziwika kwa omwe analandira cheza, ndipo thandizo lilipo. Pali mankhwala oleza chikhodzodzo komanso zolimbitsa minofu ya m'munsi zomwe namwino angakuphunzitseni. Za kuchipinda nazonso zitchuleni, ndipo mayi apite nanu, pakuti nkhaniyo ndi yawonso. Chomwe mukuchitcha thewera ndi kansalu kopyapyala kopangidwira amuna, sikaoneka m'thalauzi. Kodi kuvala kobisika ndi kunyowa pamaso pa mpingo, chochotsa ulemu nchiti? Madzi yambaninso kumwa, mkodzo ukachepa umakhala waukali nkumaputa chikhodzodzo. Chepetsani tiyi ndi khofi. Mukatero bwererani ku tchalitchi, mukhale kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo.

Chenjezo langa: magazi aja dokotala awadziwe sabata ino, musangoganiza kuti ndi chezacho. Akachuluka, kapena mkodzo ukatsekeka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mizu yowonjezera mphamvu yomwe anzanu angakutumizireni kuchokera kumudzi musamwe osafunsa. Manyazi a kwa dokotala atha m'mphindi khumi, Bambo. Awa mukuwasungawa akutsekerani m'nyumba.

Aphungu