Masamba a Ukwati wa Aswathi

Kodakara
14 Seputembala 2015

Okondedwa achimwene Velayudhan,

Ndikhulupirira muli bwino ku Muscat kumeneko, ndipo bondo lija likukupatsaniko mpata. Ukwati wa mwana wanga Aswathi wachitika, ndipo musamvere za anthu: mlongo wanu sanachite manyazi.

Koma zinatsala pang'ono. Nthawi itayandikira, m'munda wa nthochi munalowa agulugufe oderako a maso ofiira, ouluka ngati akuthamangitsidwa. Mbozi zawo zimadula tsamba n'kulipiringa ngati ndudu, izo n'kukhala m'katimo. Munda wonse unasanduka nsanza. Nanga popanda masamba a nthochi odyerapo, alendo ndikanawagawira mpunga pa chiyani?

Azakhali a mkwati, mayi Bhargavi, atabwera kudzaona anangogwira pakamwa. "Mayi a Aswathi, kodi tidzadyera pa masamba a pepala a m'sitolo aja, ngati tili m'sitima? Kwathu mtsikana wa pakhomo lotero sititenga."

"Inu mudzangobwera ndi njala yanu, amayi," ndinatero. "Za tsamba ndisiyireni."

Mankhwala ndinakana, tsamba lodyerapo silithiridwa poizoni. M'mawa uliwonse ine ndi Aswathi tinkathothola zopiringazo ndi manja, mbozi zoyera mbuu n'kuponyera akhwangwala. Zala zinada bii ndi utomoni, mpaka mwanayo ndinamuletsa, mkwatibwi angaoneke ngati wokonza njinga. Masamba atsopano anatuluka athunthu.

Tsikulo tinayala masamba, nsonga kumanzere, popanda ndi limodzi lomwe long'ambika. Mayi Bhargavi lawo analitembenuza uku ndi uku kufuna chilema, osachipeza. Atatha kudya, tonse maso anali pa iwo, poti akalipindira kutali ndiye kuti atinyoza pagulu. Analikokera kwa iwo, n'kulipinda bwinobwino. "Phala la mkakali shuga wachuluka," anatero, chonsecho anali atapempha lowonjezera.

Pempho langa ndi limodzi: musapepesenso kuti simunabwere. Ndikudziwa bwana wanu ndi wouma mtima. Aswathi akupereka moni, akuti ndikuuzeni kuti sanalire pochoka. Akunama ameneyo.

Tsamba lalikulu koposa ndinaliyala pamalo a malume a mkwatibwi. Ndinaikapo zonse, mpaka achali wa mango amene mumakonda uja, ndipo sindinalole munthu kukhalapo. Ndinakusowani kwambiri, achimwene. Anthu atabalalika, ndinakhala pamalo panupo, ndinadya ndekha mpunga wozizira.

Ndine mlongo wanu,
Thankamani