Thandala la Ama Lisachoke

Area 25, Lilongwe
Loweruka masana

Okondedwa Achimwene Overtoun,

Mwe uli kumeneko ku Kande? Ndikhulupirira muli bwino, inu ndi alamu anga a Juliet. Nanga mawondo a Ama akuti bwanji masiku ano? Ine kuno nde umampha, ndili bwino ndithu. Sukulu ikuyenda, azakhali akundisunga bwino. Chimfine chokha ndi chimene chinandigwira chifukwa cha fumbi la kuno, koma chatha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pa foni mukangokweza mawu, ine ndimangoti yewo, yewo, mpaka mwadula. Papepala simungandidule. Aphunzitsi a Chichewa anawerenga chimangirizo changa pamaso pa kalasi yonse, ndiye ndaona kuti mwina ine pakamwa panga pali m'dzanja. Muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa mukalipe pambuyo.

Pulani yanu ija ndinaiona pa foni ya azakhali. Khonde lamatabwa loyang'ana kunyanja, ngati la ku loji kumene mumapala matabwa, ndi mpanda wa mapulanga kuzungulira nyumba yonse. Ndi zokongola, sindinama. Koma ndinakulitsa chithunzicho, ndinayang'ana uku ndi uku, thandala la Ama loyanikapo chinangwa sindinalione. Pamene lili mpamene mwajambula khonde. Ndipo geti ndi limodzi lokha, la kumsewu. Kuseri mwatseka konse.

Ndinawaimbira Ama. Anati zili bwino, inu mukudziwa zimene mukuchita. Kenako anandifunsa ngati ndikuona kuti angamachoke kumadzi ndi beseni la chinangwa chonyowa pamutu, kuzungulira pa golosale ya a Andrew, kukwera mtunda wa kumsewu, kuti adzalowere pa geti. Anafunsa akuseka. Inu mukudziwa tanthauzo lake Ama akamaseka choncho.

Anandiuzanso kuti munati thandala lipite kumunda, kuti anzanu a ku loji akabwera kudzakhala pakhondepo asamamve fungo la chinangwa choviika. Kumunda, Achimwene? Kumene anyani amatenga ngakhale munthu uli poteropo? Ama amayanika pafupi ndi khitchini kuti mtambo ukangoda aanule msanga. Mvula ikayamba kuwaza athamange ndani kumundako? Ndi mawondo ati?

Kuno timakhala mumpanda wa njerwa, pamwamba anazika magalasi osweka. Mwezi watha abambo a nyumba yoyandikana ndi yathu anamwalira. Ife tinadziwira magalimoto amene anadzaza pa geti lawo. Ndinawafunsa azakhali dzina la malemuwo, anati amangowadziwa kuti ndi a galimoto yofiira. Ndinaganiza za kanjira ka kuseri kwathu kamene a Belita ndi amayi ena amadutsa popita kumadzi. Tsiku lija Ama anagwa pafupi ndi thandala, anawadzutsa ndi a Belita, inu muli kuntchito, ine kusukulu. Sanachite kuitanidwa, ankangodutsa ndi ndowa. Mukatseka pamenepo, adzawaona ndani?

Za fungo ndikuuzeni. Nditafika kuno ndi kathumba ka ufa wa kondowole kamene Ama anandipatsa, ana a azakhali anagwira mphuno, ati mukununkha masokosi. Ndinakabisa kunsi kwa bedi, ndinkaphika anthu akachoka, ngati ndaba. Sabata yatha ndinatopa nazo. Ndinaphika onse alipo, ndinadyera panja ndi usipa. Dalitso, wamng'ono uja amene ankaseka kwambiri, anapempha kulawa, mpaka ndinachita kumulanda mbale. Fungo limenelo ndi limene latikulitsa inu ndi ine. Anzanuwo ngati likuwavuta, akhale ku loji, khonde lilipo kale kumeneko.

Pempho langa ndi ili: kuseriko musakutseke. Thandala likhale pamene lili, ndipo pamene padutsa kanjira muikepo kageti, ngakhale kopanda loko. Khonde lanu lisunthireni ku mtengo wa mango. Nyanja imaoneka bwinonso pamenepo, ndinkakhalapo powerenga, ndipo mthunzi simudzachita kumanga.

Sindikuti musamange. Ndikabwera pa holide ya Disembala ndidzatuta mchenga, ndidzakugwirirani tepi, ndidzapaka nsanamira oyilo wakuda kuti chiswe chisadye. Mudzanditume chilichonse. Koma ndikadzapeza kuseri kotseka, ndidzazula mapulanga a pa kanjira ndi hamala yanu yomwe. Mukadzakhomanso, ndidzazulanso. Chibadwire sindinakuyankhenipo. Koma zimene ndalembazi sindifufuta.

Ama sakudziwa kuti ndalemba. Musawafunse chifukwa chake anandiuza, sanadandaule, ndine ndinafunsa. Ngati mwapsa mtima, mupsere ine, ndikubwera.

Mundiperekere moni kwa Ama, kwa alamu, kwa amalume ku Tukombo, ndi kwa a Belita. Azakhali akuti muwasungire mapulanga otsala, akufuna kabenchi.

Ufa wanga watsala pang'ono kutha. Wina akamabwera kuno munditumizire, koma ukhale wouma pathandala lomwelo. Musayese kundinamiza ndi wa pamsika, ndidzaudziwa ndikangomasula thumba.

Ndine mlongo wanu,
Uchizi