Bawuti imene munaisiya

Ababa, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Kuno tilipo, koma kukuzizira. Chiperoni chagwa sabata yathunthu, moti m'mawa fakitale sioneka, ndimangomva mathirakitala akudutsa m'nkhungu. Tiyi wa kuseri kwa nyumba amudulira, kwangotsala timitengo takuda.

Achemwali Esinati anachira mu Meyi, mwana wamwamuna, ndipo anamupatsa dzina lanu. Ine sindinamuonebe. Amayi akuti ali ndi chipumi chanu, chokwinya ngati akumvetsera injini. Amayi ndi ana anasamukira kale kwawo ku Changata. Akuti nandolo akulonjeza, koma nkhuku zinatha ndi chitopa, kupatula thadzi lija lopanda nthenga m'khosi. Ine ndinatsala ndekha m'nyumba ya esiteti kuti ndimalize teremu. Ku ofesi anatipatsa mpaka kutha kwa mwezi uno, kenako mulowa makaniko amene anatenga malo anu. Akazi awo anabwera kale kudzayeza mazenera.

Koma chimene ndalembera ndi pikapu yanu. Inali pomwe munaisiya mu Febuluwale, pansi pa mtengo wa mapeyala, itakhala pamiyala, tayala lakutsogolo lakumanzere litachotsedwa. Mukukumbukira kuti munagunda dzenje pamsewu wa ku Bvumbwe, mkono wachitsulo wa m'munsi umene umagwira tayala, uja munkautcha kontrolo amu, n'kupindika. Wina umene munagula ku Limbe ndinaupeza kunsi kwa bedi, mutaukulunga m'thumba la feteleza. Munati muuika mukangopezako bwino.

Lachitatu lapitalo amalume anabwera ndi munthu wogula zitsulo zakutha. Anati, "Mphwanga, nyumbayi si yathu. Chinthu chosayenda tichisenza pamutu? Ndibweranso Lolemba. Ikapanda kuima ndi miyendo yake, aphwasula awa." Munthu uja anasuzumira pazenera n'kuseka, amvekere, "Imeneyi yasanduka khola, akulu, mungoikamo nkhunda." Amalume sindikuwada, ankanena zoona. Kungoti m'katimo mukumvekabe fungo la ovolosi yanu, ndipo mpando unaterera mbali imene munkakhala.

Lachinayi nditaweruka ndinatulutsa bokosi lanu la masipanala. Zaka zonse zija ntchito yanga inali kukupatsirani sipanala ndi kuyang'ana, ndipo ndinkayang'anadi, ababa. Mbali ya kutayala sinavute. Ndinamasula nati, n'kumenya m'mbali ndi mahamala awiri monga munkachitira, chinthu n'kudumpha chokha. Ndinakondwa msanga. Bawuti yaitali ya m'kati, imene imadutsa m'bushi ya labala n'kugwira mkonowo ku thupi la galimoto, nati yake inatuluka koma iyo inakana. Dzimbiri la mvula yonse ija linali litaimata. Ndinalumikiza paipi ku sipanala n'kuponda ndi phazi, koma inkangopotokola labala n'kubwerera pomwe inali.

Lachisanu sindinapite kusukulu, ndikuuziretu. Ndinapsa mtima n'kuyamba kuimenya kumapeto ndi hamala yaikulu ija. Mawu anu akuti, "Bawuti samenya ili yosavala, bwezera nati kaye," anandifika mochedwa, mutu wake utaphwasuka kale ngati bowa, wosathekanso kudutsa pabowo. Masana onse ndinatha ndili chagada, kupala ndi tupa chimene ndinawononga ndekha, mpaka ndinasenda chala. Anthu ochokera kodulira tiyi ankadutsa ndi mipeni yawo. Mayi wina ataona miyendo yanga itatulukira kunsi kwa galimoto anati, "Ii, ine ndimayesa a makaniko abwerera!" Kenako anagwira pakamwa n'kufulumira. Palibe amene anaima.

Ndimamaliza kupala, dzuwa linali likulowa kuseri kwa mabulugama. Kwa a Nakoma, oyendetsa thirakitala oyandikana nafe aja, anayamba nyimbo yotsegulira Sabata. Hamala inali m'manja mwanga. Ndinaganiza kuti Loweruka lonse litayika, nditsala ndi Sande yokha, nanga andiona ndani? Amayi ali ku Changata, inu muli kumeneko. Ndinamenya kamodzi, ababa, dzuwa litalowa. Chitsulocho chinalira mpaka kumapeto kwa komboni, ndipo nyimbo ya kwa a Nakoma inadukiza pang'ono isanapitirire. Ndinaika hamala pansi, nkhope ikutentha.

Ndili gone pamenepo ndinakumbukira m'mene munkatsekera Lachisanu. Musanasambe munkatenga kabotolo ka mafuta a mabuleki osakaniza ndi palafini, n'kudontheza pa bawuti iliyonse yokanika, n'kuikulunga kansanza. Amayi ankati, "Kodi kumeneko si kugwira ntchito pa Sabata mozembera?" Inu n'kuyankha, "Lamulo likutchula kapolo ndi ng'ombe, amake Esinati. Palafini sanamutchule." Kabotoloko ndinakapeza kuseri kwa mpando, katatsala theka. Ndinadontheza mbali zonse ziwiri, n'kukulunga ndi kansanza ka malaya anu akale, n'kukasamba.

Kutchalitchi ndinakhala pamalo panu, kumapeto kwa benchi. Masana ndinadya ndekha chinangwa chozizira chimene ndinaphikiratu. Nyumba yopanda anthu imakula, ababa, ngakhale supuni ikagwa imamveka ngati wina wagogoda. Ndinadutsa pa pikapu katatu, manja ali kumbuyo. Kachitatuko ndinaonjezera madontho awiri. Ngati limenelo ndi tchimo, mundinenereko kumeneko.

Sande m'mawa ndinaika jeke pansi pa mkono n'kukweza pang'ono kuti bawuti ipume. Ndinatenga kabawuti kakale kocheperako, n'kukalozetsa pamutu pake kuti hamala isawonongenso. Ndinamenya koyamba, zii. Kachiwiri, zii. Kachitatu kulira kunasintha, ndipo nditayang'ana mbali inayo ndinaona kuti yasuntha pang'ono ngati chikhadabo. Ndinapitiriza pang'onopang'ono mpaka inatuluka yonse, yakuda, yonyowa, n'kugwera m'dothi. Ndinatembenuka n'kufuula, "Ababa, yatuluka!" Panali galu wa a Nakoma yekha. Ndinakhala pansi pomwepo nthawi yaitali, bawutiyo ili m'manja.

Ina yofanana nayo ndinaipeza m'chitini chanu cha mabawuti, chija amayi ankafuna kutaya chaka ndi chaka. Mkono watsopano unalowa mosavuta.

Lolemba amalume anapeza pikapu itaima ndi matayala anayi. Anaizungulira kawiri, anagwada, anasuzumira. "Wakuthandiza ndani?" Ndinati palibe. Anandiyang'ana chala chomangacho, kenako anatembenukira kwa munthu wa zitsulo uja n'kuti, "Pepani achimwene, mwavutika ndi ulendo." Batire linali litafa, koma ana a a Nakoma anakankha kutsetsereka cha kufakitale, inatsokomola kawiri n'kulira. A Nakoma akuti aiyendetsa okha Lachinayi mpaka ku Changata. Za hamala ya Lachisanu ija sanatchule, anangoti, "Bambo ako nawo anayamba ndi kuphwanya mabawuti."

Chatsala chimodzi. Bawuti ya m'chitini ija sindinaimangitse. Munkati, "Mkono samangitsa galimoto ili m'malere. Dikira isenze katundu wake, apo ayi bushi ing'ambika." Choncho Lachinayi tikakweza bedi, mpando wanu ndi bokosi la masipanala, ndidzalowa kunsi komaliza pansi pa mtengo wa mapeyalawo n'kumanga ndi paipi, kenako ndikapereke makiyi a nyumba ku ofesi.

Tikamafika ku Changata ndidzawapempha a Nakoma kuti asalize hutala kawiri monga munkachitira inu pofika. Amayi angathamangire panja.

Ndikulonjeza kuti sindidzajombanso kusukulu chifukwa cha chitsulo, ndipo kabotolo kanu sikadzauma. Mwana uja akadzakula ndidzamuonetsa pamene kamakhala.

Ndakusowani, ababa, ndipo ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Danieli