Matumba a Feteleza M'makina a Malume

Mtunthama, Kasungu
12 Disembala, 2010

Okondedwa achimwene a Fiskani,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu a Mervis ndi ana. Kuno tilipo. Mwendo wa amayi wayamba kupola, mvula yagwa kawiri, fodya wagwira.

Uthenga wanu wandipeza, woti ndileke mwano ndibwerere kuntchito kwa malume a Kalekeni. Mwamva mbali imodzi. Imvani yanga kaye, mukatha mundikalipire bwino.

Mukudziwa kuti makina awo amasungunula pulasitiki yakale n'kuiuzira mpweya. Imakwera ngati chibaluni chachitali, ikazizira timaicheka kukhala mapepala akuda ofolera zigafa za fodya. Zaka ziwiri wosankha zolowa m'makinamo ndinali ine, ndipo chibaluni sichinagwepo.

Ndiye makuponi aja anadzaza matumba a feteleza opanda kanthu paliponse. Malume anaona chuma chongotola. Anati tizisungunula amenewo m'malo mwa majumbo ndi mapepala akale.

Ndinawafotokozera mwaulemu, manja kumbuyo. Pulasitiki ikasungunuka imakhala mulu wa tizingwe tosaoneka ndi maso. Ta m'majumbo tili ndi nthambi, ngati minga yotchingira dimba: mukakoka imodzi, mulu wonse umabwera. N'chifukwa chake ikamakokedwa imalimbirako, chibaluni n'kuima. Ta m'matumba a feteleza n'tolunjika, topanda nthambi, timangopulumuka pakati pa tinzake ngati luzi lonyowa. Komanso thumba likakhalitsa padzuwa tizingweto timaduka, ndipo tikafupika sitikolananso. Zosungunukazo zimangoyenderera ngati uchi.

Malume anaseka mpaka kutsokomola. Anaitana antchito onse kuti adzamve pulofesa wa Folomu Fo amene amaona zingwe m'phala. Atayesa matumbawo chibaluni chinaphulika, iwo n'kunena kuti ndasokoneza moto dala kuti mawu anga apherezere. Anandivula ovolosi pamaso pa amuna asanu ndi mmodzi n'kupatsa mlamu wawo Nelson, munthu woti kwa iye pulasitiki yonse ndi jumbo. Kwa amayi anakanena kuti ndine wanjiru. Mpaka kutchalitchi azimayi ankasuntha ndikakhala pambali pawo.

Nthawi imeneyo foni yanu sinalire, achimwene. Kaya netiweki ya ku Joni imagwira malume akavutika pokha?

Tsopano ndiulule. Sabata yatha ndinadutsa pamenepo popita kuchigayo. Ndinapeza Nelson thukuta lili kamukamu, akuwonjezera moto. Anandifunsa monong'ona ngati akuchita bwino. Ine ndikudziwa kuti moto wambiri umadulanso tizingweto, phala n'kusanduka madzi enieni. Ndinamuyankha kuti za zingwe ndinasiya, afunse eni makina. Ndinapitiriza ulendo wanga ndikuimba, thumba lili pamutu. Ndalakwa, ndikudziwa. Chisoni chokha n'chimene sichikubwera.

Chawavuta malume n'chakuti esiteti ina ya kwa Mwase inaitanitsa mapepala a zigafa makumi anayi Khirisimasi isanafike, poti kuthyola kuyamba mu Januwale. Mpukutu ngakhale umodzi sunatuluke. Manijala wa esitetiyo wanena kuti tsikulo likadutsa akagula ku Lilongwe ndipo pakhomo pa malume sadzapondanso. Musandiuze za matenanti, fodya wawo sanyowa. Wonyowa ndi mmodzi yekha, mwini makina.

Dzulo malume anabwera okha kunyumba, chipewa m'manja. Anayamba ndi za magazi, akuti ndine mwana wa mlongo wawo, anandinyamulapo ndili khanda. Ndinawapatsa mpando, madzi akumwa ndinapereka nditagwada. Kenako ndinawauza kuti chibalunicho ndikhoza kuchiimikanso m'tsiku limodzi lokha. Koma asonkhanitse antchito omwe aja, amayi akhalepo, anene ndi pakamwa pawo kuti anandinamizira.

Anati munthu wamkulu sapepesa mwana pagulu, tithane m'nyumba momwemo. Ndinawakumbutsa kuti ponditukwana sanasankhe m'nyumba. Anayang'ana amayi kuti awathandize. Amayi anangoweramira nyemba zimene ankasankha, osatukula mutu. Malume anavala chipewa n'kupita osatsanzika.

Pempho langa ndi limodzi. Lekani kuimbira amayi kuti andipanikize, mtima wawo si wolimba. Ngati mayunitsi akukuyabwani, imbirani malume. Muwauze kuti kwatsala masiku khumi ndi atatu, ndipo ine sindikuthamangira kulikonse. Akatsegula pakamwa, mawa lake ndili pamakina. Akapanda kutero, ndidzapita pa Khirisimasi kukawaonera galimoto ya ku Lilongwe ikudutsa pakhomo pawo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwapsompsone Tiyese ndi kakhandako. Ambuye akusungeni kumeneko, akupatseninso makutu awiri.

Ndine mlongo wanu,
Vailet