Netiweki ya Pamwamba pa Munda wa Tiyi

Thyolo,
14 Juni 2024.

Okondedwa achimwene a Fabiano,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu ku Limbeko. Musadabwe kulandira kalata kudzera kwa kondakitala wa ku Luchenza. Foni yanga ili m'thumba mwa amuna anga, bambo a Tikondane, masabata atatu tsopano.

Mukukumbukira kuti adokotala anati mwana wanga Tikondane akhoza kudwala shuga chifukwa cha kunenepa. Ndinamulowetsa m'gulu la pa intaneti la achinyamata ofuna kuchepetsa thupi. Tsiku lililonse ankajambula chakudya chake ndi foni yangayo n'kutumiza kwa mlangizi wawo, mayi Daisy. Ambiri anagwa ulesi mwezi woyamba. Iye anapirira miyezi isanu.

Ndikufotokozereni chimene chinamulimbitsa. Kunyumba kuno netiweki sigwira, imagwira pamwamba pa munda wa tiyi, pomwe amayezera masamba. Kuti atumize chithunzi ankakwera mtunda wonse uja akaweruka kusukulu. Kumeneko ankapeza mauthenga a anzake: "Iwe Tiko, wafika? Ife lero tagwa m'mandasi, usatineneze kwa madamu!" Ankatsika akuseka, thukuta lili kamukamu. Sankakwerera sikelo ayi, ankakwerera anzakewo, chifukwa ankamudikira.

Koma othyola tiyi anayamba kunong'ona. Mtsikana wa Fomu 3 kumaima yekha m'tiyi, kumamwetulira foni, uku akuonda? Ena akuti ali ndi mwamuna, ena akuti watenga matenda. Bambo ake ndi kapitawo, ndipo kapitawo sangalamule anthu amene akumuseka. Anati, "Mwana wanga asaondere pamaso pa antchito anga. Mayi a Tiko, mumpatse chakudya, foniyo bweretsani kuno!"

Achimwene, ine mphunzitsi, wofotokozera ana a eni tsiku lonse, ndinapereka foni ndi manja awiri. Nyumba ino ndi ya esiteti, ili m'dzina lawo. Ndikakangana nawo ndilowera kuti?

Gululo limachotsa aliyense wosatumiza kanthu kwa masiku makumi atatu. Atsala asanu ndi anayi. Inu ndinu malume ake, eni mbumba, mawu anu bambo akewo sangawakane. Chonde bwerani Loweruka lino.

Moni kwa alamu ndi ana. Moni wa Tikondane ndilibe, sakundiyankhula. Koma dzulo ndinamuona akujambula mbale yake ndi pensulo m'kope, n'kulemba tsiku pamwamba pake.

Ine mlongo wanu,
Lestina