Nguluwe Zafika pa Manda a Mlamu Wako

Mng'ono wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa za moyo. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Nanga mayi a kunyumbako, miyendo ikuwalola kufika kudimba? Ine kuno ndilipo. Ndikudya, ndikugona, kukacha ndikudzuka.

Akundilembera ndi mpongozi wanga, mkazi wa mwana wathu wamkuluyu. Ndamuuza kuti alembe mawu momwe akutulukira m'kamwa mwanga, asawakometse. Kusukulu sindinapondeko, koma chimene ndikufuna kunena ndikuchidziwa. Za pafoni ndakana, chifukwa mumakuwa nonse nthawi imodzi, kenako aliyense amati anamva zake.

Chiuno chikupola pang'onopang'ono. Adokotala akuti chitsulo anaikamo chija chagwira, koma za khasu ndiiwale. Anandipatsa choyendera chokhala ngati mpando wopanda pokhalira, ndimachikankha kuchoka pabedi kufika pawindo. Nyumba ya mwanayu ili m'mwamba, pamwamba pa nyumba za anthu ena. Pawindopo ndimaona poimika magalimoto, ndi bambo wina amene amasesa masamba pa simenti m'mawa uliwonse. Ndimamuyang'ana mpaka amalize. Ntchito yanga ndi imeneyo.

Uthenga wako unandipeza, wakuti nguluwe zafika pa manda a mlamu wako, mayi a ana anga, kumunsi kwa munda wanga. Akuti zagwetsa miyala ndinazunguliza ija ndipo zafukula mbali ya kumiyendo mpaka kulowa mkono. Mwanayu anazengereza kundiuza, anayamba wandipatsa tiyi, poopa kuti ndikomoka. Inenso ndinadikira kuti mtima uwawe, kapena ndikalipe ngati kale. Palibe chinabwera. Tiyiyo ndinamwa yense.

Anthu a kuno sazidziwa nyama zimenezi. Mnzake wa mwanayu, wogwira naye ntchito, anabwera kudzandiona, ndipo atamva nkhaniyi anati ife tili ndi mwayi, nyama ikudzibweretsa yokha pakhomo. Ndinamuuza kuti ndimupatsa mkeka akagone kumundako, akailandire yekha nyama yakeyo. Anaseka kwambiri. Ine sindinkaseka.

Ndinayesa kumufotokozera kuti izi si nguluwe zathu zija tinkaziopseza ndi chitini ndi galu. Zathu zinali zamanyazi, zinkadya m'mphepete n'kuthawa. Izi anazibweretsa pa lole mwini famu ya kumtunda ija, kuti alendo ake azisangalala kuombera. Famuyo itatsekedwa, mpanda unagwa, zinatuluka, ndipo zikuswana ngati mbewa. Galu siziopa. Zikalowa m'munda sizidya chabe, zimatembenuza nthaka yonse, mizere osaoneka komwe inali. Iwe ukudziwa, unandinyamula ndiwe tsiku lomwe ndinagwera m'dzenje lawo n'kuthyoka chiunochi.

Chimene chatigonjetsa si nguluwe zokha. Ndife eni minda, chifukwa aliyense amaziona ndi diso lake. A Chipewa, oyandikana nane aja, amazithirira gaga kuseri kwa khola kuti zizolowere, popeza anyamata a mfuti ochokera m'tauni amafikira kwawo ndipo nyama amagawana. Pamsonkhano uja ananena poyera kuti chimanga sichinawavekepo nsapato, koma nguluwe zawaveka. Bambo a ng'ombe aja amalira za kasupe yekha, kuti zikukunkhuliramo ndipo ng'ombe zikumwa matope, za mbewu za anzawo alibe nazo ntchito. Aphunzitsi opuma aja anathira mankhwala m'madeya, anafa ndi agalu a anthu, nguluwe zili gwa. Otsalawo aliyense anatchinga munda wake ndi waya n'kukagona. Ukatchinga kwako, nyamayo siifa, imangopita kwa mnzako. Tsopano munda wopanda mwini pamalopo ndi wanga, ndiye zonse zasonkhana kumeneko.

Ndamvanso za mbatata. Akuti unabzala kuzungulira mandawo kuti pasamere tchire, poti munthu amapalira pomwe pali mbewu. Ndikudziwa kuti unachita mwa ulemu, ndipo mlamu wako akanakuyamika, ankakonda pamalo poyera. Koma ndi zimene zaziitana. Nguluwe siisiyanitsa mtumbira wa mbatata ndi wa munthu. Sindikukudzudzula. Ungozikumba zonse, usasiye ngakhale kamuzu, ndipo ukazitaye kutali.

Mwana wathuyu ali ndi maganizo ake. Akuti tifukule mayi ake tidzawaike kuno, ku manda a m'tauni komwe kuli mpanda wa njerwa ndi mlonda pageti, kenako mundawo tiwasiyire a Chipewa amene akhala akuufuna. Ananditengera pa galimoto kukaona malowo. Ndi pabwino ndithu, udzu wake ndi wometa. Anthu agona mothithikana ngati m'basi, ndipo palibe amene akudziwana ndi mnzake. Ndinamuuza kuti mayi ake anasankha okha pogona, pansi pa mtengo womwe ankapumirapo tikamapalira, ndipo ine sindingathandize nguluwe ntchito yofukula. Anati ndine wouma mutu. Ndinavomera. Apa mpongozi waima kulemba, akundiyang'ana. Ndamuuza apitirize, mwamuna wake mawuwa anawamva kale.

Atalephera pamenepo, anati ndiye atumiza simenti msewu ukauma, amange bwinobwino. Msewu umenewo ndimaudziwa, suuma mvula isanathe. Nguluwe sizidikira lole. Komanso mkazi ameneyo ndinamusunga ndekha moyo wake wonse, osapempha kwa munthu, sindiyamba lero kudikira thumba la mwana.

Unanena za waya. Usavutike. Waya zimalowetsa mphuno pansi n'kumutukula ngati nsalu. Minga zimadutsamo ngati zikukanda msana. Chimene ndinaona chikuzibweza ndi chinthu chomwe sizingaone kuseri kwake, ndiponso chozama pansi.

Tsono pempho langa ndi limodzi. Tenga hamala ukasasule malata a nyumba yanga, onse. Misomali uzule bwino, uiwongole, igwiranso ntchito. Mitengo ya denga ija ndi yolimba, ndinaisankha ndekha, chiswe sichinaigwire. Uidule ikhale nsanamira. Ukumbe ngalande kuzungulira mandawo yofika m'bondo, malatawo uwaimike m'ngalandemo, mapeto ake apitirirane, ukhomere ku nsanamira, kenako ukwirire ndi kusinja dothi ndi miyala. Polumikiza pasatsale mpata ngakhale wolowa chala. Khomo usaike. Wofuna kuona manda adzasuzumira pamwamba.

Ndikudziwa chimene unene. Unena kuti mvula ili pakati, ndipo zipupa za zidina zikakhala pamtunda zisungunuka mwezi usanathe. Ndikudziwa, ndinaumba ndine zidinazo. Musanasasule, mutulutse katundu. Makina osokera a mlamu wako apite kwa mwana wathu wamkazi. Bedi ndi mipando utenge iwe. Makasu ndi nkhwangwa upatse amene akuthandize ntchitoyi. Zotsalazo mvula iona chochita.

Unenanso kuti nanga ndikadzabwera ndidzafikira kuti. Masitepe a nyumba ino ndinawayesa tsiku lina mwanayu ali ku ntchito. Ndinatsika pang'ono n'kukhala pansi, mpaka anandikweza ndi mayi wina woyandikana nafe. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali, ndipo ndinaganiza zonse bwinobwino. Choncho poyeza mpandawo usathinitse. Kudzanja lamanja la mlamu wako usiye malo okwana munthu mmodzi, wamtali ngati ine.

Mundawo sindikugulitsa, ndipo sindikubwereketsa. A Chipewa akafunsa, uwauze kuti mwini wake adakali moyo ndipo akudya bwino. Mundawo ukhale choncho, nguluwe zilime.

Ntchitoyi isadikire Loweruka. Ukangomva kalatayi, yamba ndi mbatatazo, tsiku lomwelo ukwere padenga. Ngati miyendo yako siikulola makwerero, uitane mkamwini wako, koma ngalandeyo uyang'anire wekha, iye amakumba mwaulesi.

Undiperekere moni kwa mayi a kunyumbako, uwauze kuti bulangeti anandipatsa lija ndi lomwe ndikufunda. Moni kwa mlongo wathu, asamadandaule za ine, kuno akundisamala. Moni kwa ana ako onse ndi zidzukulu, kwa mkamwini wako, ndi kwa achibale a malemu mlamu wako. Iwowa uwauze zimene tikuchita, koma usawapemphe maganizo. Bambo a ng'ombe aja uwapatse moni. A Chipewa usawapatse.

Mpongozi akuti nayenso akupereka moni, ndipo dzanja lamutopa.

Tsala bwino, mng'ono wanga. Chala chadindidwa m'munsimu ndi changa.

Ndine mkulu wako.