Limbani akuopa kuti mankhwala akuthamangitsani

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Kuno ku Nambuma tilipo. Mtedza tinakumba, ngakhale mbewa zinatithandiza kukolola. Esinati wanu wachira, ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, kulira kwakenso n'kolamula ngati inu.

Chondilembetsa ndi mwana wanu Limbani. Chigubuduzikireni galimoto ya matola ija pamsewu wa ku Nsaru, inu n'kutsirizikira m'manja mwake, tulo sakutiona. Akangotseka maso galimoto ija imagubuduzikanso, n'kudzuka akukuwa, thukuta kamukamu. Ana akumuopa, ndipo mkazi wake wayamba kunena zobwerera kwawo ku Mpingu.

Anayesa timapiritsi ta chimfine ta pagolosale, koma tinkangomulemeretsa mutu. Kenako kachasu. Limbani wa kwaya uja, Amayi! Ndinachita kumukokera kuchipatala. Adokotala anati si misala, ndi bala la mumtima lomwe ngozi imasiya. Mapiritsi amphamvu ogonetsa anamukaniza, ati thupi limawazolowera koma maloto osachoka. Anamupatsa okhazika mtima pansi, otenga milungu kuti agwire. Anatinso akapanda kuthandiza alipo ena ochepetsa maloto oipa, komanso azipita kukakambirana nawo za ngoziyo.

Dzulo pochapa ndinawapeza mapiritsiwo m'thumba la jekete yake, sanamwe ndi limodzi lomwe. Nditamupanikiza anaulula. Akuti m'malotomo, galimoto isanagubuduzike, mumakhala pambali pake mukumukalipira kuti sanapese tsitsi, ndipo kwina kulikonse sakuonani. Akuopa kuti akamwa mankhwala akuthamangitsani. Azakhali nawonso akumuuza kuti malemu akamabwera kutulo satsekeredwa chitseko. Ndinalephera kumukalipira, ndinangolira naye.

Paja munkakonda kunena kuti, "Wina akapanda kugona m'nyumba muno, inenso sindigona." Ndiye ndikudziwa kuti kumeneko simukupuma. Chonde mumasuleni mwana wanu, banja lake lisathe. Ngati mwatisowa, bwerani kwa ine. Tulo ndili nato tambiri, tsitsi langanso ndi losapesa, ndipo m'galimoto ija ine munalibe.

Madzulo ano amwa piritsi loyamba ine ndili pomwepo. Ndamuuza kuti ndakulemberani, ndipo inu simunamukanizepo tulo. Ndikulonjeza kuti sindimusiya yekha mpaka tsiku lomwe ndidzachite kumudzutsa dzuwa litakwera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike